Khonde la Nkhono pa Gombe la Sicily

Anthu amene amapita ku chilumba cha Sicily, chimene chili pakati pa nyanja ya Mediterranean kumwera kwa dziko la Italy, amanka kukaona zinthu zazikulu ndi zomveka mbiri: ena phiri la Etna lofuka utsi, ena mabwinja a akachisi amene Agiriki anamanga ku Agrigento Ambuye asanabadwe, enanso doko la Siracusa kumene mtumwi Paulo anatsotsako masiku atatu pa ulendo wake womka ku Roma ali wandende. Ine zonsezo ndinazilambalala, osati mozinyoza ayi, koma popeza mtima wanga unali utakodwa kale ndi kanthu kena kakang'ono, kamene munthu angathe kukaponda osadziwa kuti waponda chamoyo; ndiko kankhono ka m'nyanja yamchere kamene kamayenda kanthawi kochepa chabe kali kakhanda, kenaka n'kudzimata pathanthwe osasunthanso kufikira imfa, ndipo m'kukhala kwake chikhalire, pamodzi ndi abale ake osawerengeka, kamamanga gombe limene mafunde a zaka mazanamazana alephera kuligumula.

Ndege inatitula pa bwalo la Punta Raisi, limene lero limatchedwa ndi maina a oweruza milandu awiri, Giovanni Falcone ndi Paolo Borsellino. Ndipo mlendo aliyense wochokera pamenepo kulowera kumzinda wa Palermo sangalephere kudzera pa malo a chisoni pafupi ndi Capaci, pamene pa 23 Meyi 1992 zigawenga za Mafia zinaphulitsa msewu ndi kupha Falcone, mkazi wake Francesca Morvillo ndi apolisi atatu amene ankawaperekeza. Zipilala ziwiri zaima m'mbali mwa msewuwo, ndipo podutsa pakati pake anthu a m'basi yathu anatsitsa mawu. Chakumanzere, patsidya pa madzi, ndinaona kachilumba kopanda mitengo, pamwamba pake pali nsanja yakale yogumuka mbali imodzi. Kameneko ndiko kachilumba ka Isola delle Femmine, ndipo gombe loyang'anana nako linali limodzi mwa malo amene ndinadzera.

Sindinasankhe Palermo mwangozi, pakuti mbiri ya nkhono zimenezi yalukana ndi mbiri ya mzindawu. Constantine Rafinesque, munthu wosakhazikika amene anabadwira ku Constantinople nakafera ku America, anakhala pa chilumbachi kuyambira 1805 kufikira 1815, ndipo m'buku limene anasindikiza ku Palermo m'chaka chake chotsiriza pa chilumbachi ndimo munachokera dzina la banja lonse la nkhonozi, Vermetidae. Pambuyo pake Antonino Bivona-Bernardi analongosola mtundu umodzi mu 1832, Salvatore Biondi wa ku Catania analongosola wina mu 1859, ndipo mfumu ina ya mu Palermo momwemu, Marchese di Monterosato, imene inabadwa mu 1841 ndi kumwalira mu 1927, inatha moyo wake wonse ikutola ndi kusanja zigoba, ndipo mu 1892 inalemba buku lathunthu lonena za nkhono zokhazi za m'nyanja ya Mediterranean. Zigoba zake zikusungidwa lero ku Roma. Poyenda madzulo m'misewu yopanikizana ya mzindawu, pakati pa matchalitchi a nsangalabwi ndi misika yaphokoso, ndinkasinkhasinkha za anthu amenewa, amene pokhala ndi ulemerero wonsewu pakhomo pawo, anasankha kukagwada pamiyala yonyowa ndi kuwerama pa tinthu timene anzawo ankationa ngati zinyalala za nyanja.

Mbandakucha ndinakwera basi yonka ku Sferracavallo, mudzi wa asodzi umene uli kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, patsinde pa phiri la Monte Gallo. Popeza safunsa anadya phula, ndinayamba ndapatsa moni bambo wina wachikulire amene anakhala pakhoma la doko akusoka ukonde, ndipo ndi mawu ochepa a Chitaliyana amene ndinali nawo, osalawo tikumalizira ndi manja, ndinawafunsa ngati nyanja idzalola tsiku limenelo. Iwo anayang'ana kumwamba, nayang'ana mbendera ya pa bwato lina imene inali lende, nandiuza kuti ndafika tsiku labwino. Koma anandichenjeza kuti ndisachedwe, chifukwa dzuwa likakwera kamphepo kamadzuka, ndipo mafunde akayamba kukwera pamwala sindidzaona kanthu koma thovu. Anandilozera njira ya ku Barcarello, kumene nyumba zimathera ndipo malo otetezedwa amayambira. Madzi a chigawo chimenechi, kuchokera ku Capo Gallo kukafika ku Isola delle Femmine, boma linawaika pansi pa chitetezo mu 2002.

Njirayo ndi ya fumbi loyera, ndipo imadzera pakati pa phiri ndi nyanja, m'mbali mwake muli timitengo ta kanjedza tatifupi tosapitirira m'chiuno. Nditayenda kamtunda ndinatsikira kumadzi podzera pa miyala ya laimu yakuthwa, yodyeka ndi mchere, ndipo apo ndinachiona chimene ndinadzera. Pamene thanthwe limathera ndipo munthu angayembekeze kuti nyanja yayamba, pali malo osalala, otambalala mamita angapo, oyalidwa molingana ndendende ndi msinkhu wa madzi, otsata gombe m'kukhota kwake konse kufikira maso atalephera. Ndinaona ngati khonde la nyumba ya kwathu, lija amayi amalizira mozungulira kuti mvula isadye chipupa. Ndipo ntchito yake ndi yomweyo ndithu, pakuti funde likabwera limasweka pamlomo pa khondelo, n'kufika pathanthwe litatha kale ukali. Nyanja ya Mediterranean sidzaza ndi kuphwa kwambiri monga zichitira nyanja zazikulu. Kuno madzi amakwera ndi kutsika masentimita 30 okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'kampata kochepa kameneko, pamene sipauma nthawi yaitali ndiponso sipamira nthawi yaitali, ndimo mokha mmene nkhonozi zimakhoza kumanga.

Khondeli lili ndi zigawo zake. Kumtunda, pamene lakumana ndi thanthwe, kuli kamzere kopyapyala ka nkhono. Pakati pali potsika pang'ono, pamene madzi amatsala m'zithaphwi zodzaza ndi ndere. Ndipo kunja kwenikweni, pamene mafunde amamenya kosalekeza, kuli mlomo wochindikala, wotukuka, wa ming'alu ndi mapanga, umene ndiwo mzinda weniweni wa nkhonozi. Ndinafika pafupi ndi mlomowo podzera pa mwala wina wotulukira m'madzi, ndinagwada, ndipo poyamba sindinaone kanthu koma mwala wotuwa wokhala ndi timadontho takuda tambirimbiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikhulupirira kuti pali malo ena pansi pano pamene mwambiwu umakwanira monga pamenepa. Nditakhala chete nthawi ndithu, maso anazolowera, ndipo ndinazindikira kuti kadontho kalikonse ndi khomo la kampope kozungulira bwino, ka mamilimita 3 kapena 4 m'mimba mwake, kotsekedwa ndi kachitseko kofiirira. Funde laling'ono litadutsa, zitsekozo zinatukuka pang'ono zonse pamodzi, zikwi ndi zikwi, ndipo madzi atabwerera zinatsekekanso. Mwala umene ndinauyesa wakufa unali kupuma pamaso panga.

Moyo wa kanthu kameneka, kamene akatswiri amakatcha Dendropoma cristatum, umayamba monga wa nkhono ina iliyonse. Kamatuluka mwa make kali kale ndi kachigoba kopota bwinobwino, kosakwana ndi milimita imodzi yomwe, ndipo kamakwawa pa phazi lake kufunafuna pokhala. Ulendo umenewu ndi waufupi, wa maora kapena masiku owerengeka, ndipo ndi wokhawo umene kadzayende. Kakapeza malo oyenera kamadzimata ndi laimu wotuluka m'thupi mwake, ndipo kuyambira pomwepo chigoba chimaleka kupota mwadongosolo. Chimakula ngati mpope, chikukhotera kulikonse kumene kuli mpata, kudzera pansi pa mnansi uyu ndi pamwamba pa mnansi uyo, khomo lake lokha likuloza kumadzi. Phazi limene linali loyendera limasanduka chonyamulira chitseko. Chakudya sichifunidwanso koma chimadikiridwa: nkhonoyo imakoka madzi kudzera m'ziwalo zake zopumira ndi kusefamo tizakudya tosaoneka ndi maso, ndiponso imatha kutulutsa ulusi wonanda wochokera m'phazi, umene umayandama m'madzi n'kukola zimene zadutsa, kenaka imaukokera m'kamwa ndi lilime lake lokhakhala, n'kumeza ulusi ndi zokodwa zomwe. Mbale wake wamkulu, Thylacodes arenarius, amene amakhala yekhayekha pansi pamadzi ndipo alibe chitseko, ndiye katswiri wa usodzi wotere. Koma pamlomo pa khonde, pamene mafunde amadula ulusi usanatalike, kusefa ndiko kumathandiza koposa.

Funso limene limadza msanga m'mutu mwa munthu ndi lakuti, zinthu zosasuntha chotere, zina zazimuna zina zazikazi, zimabalana bwanji? Apa ndipo ndinaona kuti Namalenga sasowa njira. Yaimuna imakulunga mbewu yake m'kathumba n'kukaponya m'madzi, ndipo mafunde amakatenga kufikira katakodwa mu ulusi womwe uja umene yaikazi yatchera chakudya. Mazira satayidwa m'nyanja monga zichitira nkhono zina zambiri, zimene ana ake amayandama milungu yambiri n'kukatera kutali. Mayi amawasunga m'chigoba chake momwemo, m'timatumba, kufikira ana atakhwima ndi kutuluka akukwawa okha, makamaka m'miyezi yotentha. Chotero mwana amamanga pafupi ndi make, kawirikawiri pamwamba pa zigoba za makolo ake amene anafa kale, ndipo mbadwo umasanjikana pa mbadwo. Chamoyo ndi khungu lapamwamba lokha. Pansi pake ponse ndi nyumba zosiyidwa za amene anatsogola.

Komatu nkhono zokha sizikadatha kumanga chinthu cholimba chotere, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pali mtundu wa ndere yofiirira, Neogoniolithon brassica-florida, imene siili yofewa monga ndere zinzake koma imaunjika laimu m'thupi mwake n'kukhala yolimba gwa, ndipo ndiyo imadzaza mipata yonse ya pakati pa timipope n'kutigwirizanitsa kukhala mwala umodzi. Awiriwa ndi abwenzi opikisana: ndere ikakula kwambiri imafuna kutseka makomo, ndipo nkhono imayenera kutalikitsa mpope wake kuti isakwiriridwe yamoyo, mwa kulimbana kumeneko khonde limanka likwera. Ndipo litamangidwa, alendo ambiri amadzapezamo malo. M'chithaphwi chimodzi chokha ndinaona nkhanu zazing'ono zobisala m'ming'alu, tinsomba tamitu ikuluikulu togona pamwala ngati tosafuna kusambira, nkhono zoyenda zamitundumitundu, ndi ndere zobiriwira, zofiirira ndi zoderako zosanjikana. Munalinso timagulu ta zigoba zakuda zamakutu awiri, zotchedwa Brachidontes pharaonis, zimene kwawo ndi ku Nyanja Yofiira, ndipo zinalowa m'nyanja ino kudzera mu ngalande ya Suez imene inatsegulidwa mu 1869. Monga anandichenjezera bambo aja, kamphepo kanadzuka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinabwerera kumtunda mawondo atatupa ndi miyala.

Tsiku lina ndinapita ku mudzi wa Isola delle Femmine, chifukwa gombe lake ndilo linaonetsa khonde lotere kwa anthu ophunzira kwa nthawi yoyamba. Mu 1844 akatswiri atatu a ku France, Henri Milne-Edwards, Armand de Quatrefages ndi Émile Blanchard, anabwereka bwato la asodzi nayendera magombe a chilumbachi akufufuza zamoyo za m'nyanja. Pa ulendo womwewo, atafika ku Messina, Milne-Edwards anavala chisoti chachitsulo chopoperedwa mpweya kuchokera m'bwato natsikira pansi pa nyanja, chinthu chimene anthu a ntchito yake anali asanazolowere konse. Koma Quatrefages ndiye anaona ndi kulemba, m'buku la zikumbutso zake lotuluka mu 1854, kuti njira yosalala imene ankayendapo m'mphepete mwa madzi kuno sinali thanthwe wamba koma ntchito ya tinkhono. Ndinaima pamene ndinaganiza kuti iye anaima, kachilumba ka nsanja kali patsogolo panga, ndipo ndinakondwa kuona kuti patapita zaka zoposa 170 khondelo likadalipo, ngakhale kumbuyo kwake kwadzaza nyumba, misewu ndi magalimoto.

Kuti tinthu timeneti ndi nkhono osati nyongolotsi, anthu sanavomereze msanga, ndipo sindiwadzudzula, popeza m'nyanja muli nyongolotsi zenizeni zimene nazonso zimamanga timipope ta laimu tofanana kwambiri. Linnaeus mwini wake, tate wa maina a zamoyo, mu 1758 anaziika m'gulu la nyongolotsizo. Koma chaka chimodzi m'mbuyo mwake Michel Adanson, amene anakhala zaka zingapo ku Senegal ali mnyamata, anali atalemba kale zoona zake, chifukwa iye sanakhutire ndi chigoba chouma cha m'kabati. Anayang'ana chamoyocho chili m'madzi ake pa gombe la Africa, naona mutu, tinyanga, phazi ndi chitseko. Lero aliyense angathe kusiyanitsa ziwirizi potola chidutswa chimene mafunde aswa: mpope wa nyongolotsi m'kati mwake ndi wothimbirira, pamene wa nkhono ndi wonyezimira, ndipo kuchiyambi kwake kumapezeka kachigoba kopota kaja ka ukhanda, umboni wakuti mwini wake anayendapo.

Kuchokera ku Palermo ndinalowera kumadzulo pa basi, ulendo wa makilomita oposa 100, kudzera ku Castellammare del Golfo, m'minda ya mpesa ndi azitona, pafupi ndi mapiri a ku Custonaci amene asemedwa mbali zonse ndi okumba nsangalabwi, kufikira msewu unatsikira ku gombe la Macari ndi kukathera pa San Vito lo Capo. Mudzi umenewu ndi wa nyumba zoyera zamadenga afulati, ndipo chakudya chake chotchuka ndi couscous wa nsomba, chizindikiro chakuti Tunisia ali pafupi kutsidya kwa madzi. Alendo amadzera mchenga wake woyera. Koma kumbali zonse ziwiri za mchengawo gombe ndi lamiyala, ndipo makonde a nkhono a kumeneko ali m'gulu la okongola koposa pa chilumba chonse.

Kunoko ndiko akatswiri a miyala anazindikira phindu lina la nkhonozi limene Quatrefages sakadaliganiza. Popeza zimamanga pa msinkhu umodzi wokha wa madzi, osaphonya ndi masentimita oposa 10 kapena pamenepo, khonde lililonse ndi mboni ya pamene nyanja inkafika pa nthawi imene linamangidwa. Ndipo popeza zaka za chigoba zimatha kuyesedwa, mboniyo imanenanso ndi nthawi yomwe. Makonde a ku San Vito atayesedwa anapezeka kuti ndi a zaka mazana angapo, ndipo m'zigoba zake munawerengedwa ngakhale kuzizira ndi kufunda kwa madzi a m'mibadwo imeneyo. Umboni woopsa koposa uli ku chilumba cha Crete. Pa 21 Julaye m'chaka cha 365 kunachitika chivomezi chachikulu chimene mafunde ake anakasesa mzinda wa Alexandria ku Igupto; ndipo kumadzulo kwa Crete dziko linatukuka mpaka mamita 9, kotero kuti doko lakale la Phalasarna lili pamtunda pouma kufikira lero. Mzere wa zigoba za nkhonozi ndi zamoyo zinzake, umene tsopano uli pamwamba pa matanthwe kutali ndi madzi, ndiwo unathandiza akatswiri kudziwa kukula kwa kutukukako ndi nthawi yake. Cholengedwa choyenda chikadathawa kapena kukokoloka. Izi zinafera pamalo pake, ndipo chifukwa cha chimenecho umboni wake ndi wosatsutsika.

Lamulungu m'mawa ndinapita ku gombe la kumadzulo kwa mudziwo, ndipo ndinapeza mayi wina wachitsikana atagwada pamlomo pa khonde, atavala nsapato zofewa, m'manja muli kafelemu kamakona anayi ndi galasi lokuzira zinthu. Ankaika kafelemuko pamwala, kujambula chithunzi, kuwerenga timakomo, kulemba, n'kusunthira patsogolo. Nditapempha kuti ndionerere, anandilandira mwaulemu, ndipo popeza ankalankhula Chingerezi tinamvana bwino. Anali wophunzira za m'nyanja, ndipo ankawerenga makamaka ana amene angomata kumene, amene ine sindikadawaona konse akadapanda kundibwereka galasi lawo: timadontho toyera, topota, tomwazikana pa ndere yofiirira ija. Anandifotokozera kuti ana amenewa samata paliponse; amasankha mwala umene wayamba kale kukutidwa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso kapena ndi ndere yolimbayo, ndipo ambiri amafa asanakhazikike, ena ndi dzuwa, ena ndi mafunde.

Tili chilankhulire anthu anayamba kufika, mabanja athunthu, ndi maambulera, mipando ndi madengu a chakudya. Ndipo popeza khonde ndilo malo okha osalala pa gombe lonse lamiyala, onse ankadzera pomwepo potsikira m'madzi, ana akuthamangapo, akulu akuimikapo mipando. Sindingawaimbe mlandu, pakuti anali anthu abwino odzapuma pa tsiku lawo lopuma, ndipo palibe chimene chinawauza kuti pansi pa mapazi awo pali mudzi wa amoyo. Nkhono yaikulu imapirira phazi la munthu. Koma mwana wa milimita imodzi, amene wangomata dzulo, sapirira, ndipo nyengo imene ana amatuluka ndi yomweyo imene anthu amadzaza magombe. Mayi aja anapita kwa bambo wina amene ankakhomera ndodo ya ambulera m'mng'alu, nawaonetsa ndi galasi chimene chinali pamenepo. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, naitana ana ake kuti nawonso aone, kenaka anazula ambulera nakaiimika kumtunda.

Koma mapazi si mdani wamkulu. Ku malekezero a kum'mawa kwa nyanja yomweyi, pa gombe la Israel, makonde otere ndiwo anali maonekedwe a gombe lonse lamiyala, ndipo akatswiri a m'zaka za m'ma 1960 anapeza nkhono zili zothithikana pamilomo yake. Pamene Gil Rilov ndi anzake anayenderanso malo omwewo zaka za posachedwapa, anapeza timipope tambirimbiri tili topanda eni, ndipo zamoyo zinali zitatsala apo ndi apo. Madzi a chigawo chimenecho afunda ndi madigiri 2 mpaka 3 m'zaka pafupifupi 30, ndipo ambiri amaloza chala kutenthako. Omanga akafa, mlomo wa khonde suchira ukagumuka, ndipo zoboola miyala ndi mafunde zimayamba kudya chimene chinamangidwa m'mibadwo yambiri. Chenjezo lina lachokera pafupi pomwepa, pa chilumba cha Vulcano kumpoto kwa Sicily, pamene mpweya wa carbon dioxide umabwadamuka kuchokera pansi pa nyanja n'kuwawasa madzi, monga mmene nyanja zonse zikuyembekezeka kuwawasira utsi wa mafuta ndi malasha ukapitirira kuchuluka. Marco Milazzo wa pa yunivesite ya Palermo ndi anzake anaonetsa mu 2014 kuti pafupi ndi malo amenewo ana a nkhonozi amakhazikika ochepa, ndipo zigoba zawo zimasungunuka.

Chimene chinandilasa mtima koposa ndi ichi. Kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti nkhono yomanga makonde m'nyanja yonse ya Mediterranean ndi mtundu umodzi, ndipo ankaitchula ndi dzina limene Monterosato anapereka mu 1884, Dendropoma petraeum. Koma akatswiri a ku Spain atayesa DNA yake anapeza kuti ndi mitundu ingapo yofanana nkhope koma yosiyana magazi: wa ku Spain ndi kumpoto kwa Africa, umene mu 2016 unapatsidwa dzina lakuti Dendropoma lebeche, wa kum'mawa, Dendropoma anguliferum, wa kuno ku Sicily, ndi winanso wa ku magombe a Greece. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mwana amene amakwawa pang'ono chabe kuchoka pa make sangawoloke nyanja, ndipo gombe lililonse lakhala ndi fuko lake kwa nthawi yaitali kwambiri. Tanthauzo lake ndi lolemera. Nsomba zikatha pamalo, zina zimabwera kuchokera kwina. Koma nkhonozi zikatha pa gombe, palibe wachibale wakutali amene adzabwere kudzalowa m'mabwinja. Kusayenda kumene kunazipatsa mphamvu yomanga ndi ulemu wokhala mboni, ndiko komwe kwazisiya zopanda pothawira. Pa mapepala n'zotetezedwa, pakuti zinalembedwa m'mapangano a Bern ndi Barcelona. Koma ine ndiyesa kuti pangano losungidwa mu ofesi silifika pa gombe Lamulungu m'mawa, ndipo chikwangwani chimodzi chokhala ndi chithunzi, ndi kamlatho kamatabwa kodutsa pamwamba pa khonde kukafika kumadzi, zingapulumutse ana ambiri m'nyengo imodzi.

Anthu a kuno adziwa kale kuimirira gombe lawo. Kum'mawa kwa San Vito kuli dera la Zingaro, makilomita pafupifupi 7 a gombe lopanda msewu. Ndipo lilibe msewu chifukwa pa 18 Meyi 1980 anthu zikwi anayenda pansi kukatsutsa ntchito yolambula msewu imene inali itayamba kale, kotero kuti mu 1981 deralo linakhala malo oyamba otetezedwa a chilengedwe pa chilumba chonse. Ngalande imene anaboola m'phiri cha ku Scopello ikadalipo, ndipo lero ndi khomo lolowera oyenda pansi. Ndinayenda chigawo cha njira imeneyo tsiku lotsatira, kuchokera mbali ya San Vito, ndipo poyang'ana pansi kuchokera pamwamba pa matanthwe ndinkaona mzere wotuwa wa makonde ukutuluka ndi kumira pakati pa mafunde, m'malo ambiri amene phazi la munthu silifikako.

Pobwerera madzulo ndinakumananso ndi mayi wophunzira uja pamalo okwerera basi, atanyamula chikwama chonyowa ndi kafelemu kawo. Ndinawafunsa ngati chiwerengero cha chaka chino chinali chokondweretsa, ndipo anayankha kuti kuwerenga kamodzi sikunena kanthu. Adzabweranso mwezi wamawa pa miyala yomweyo, ndiponso dzinja la kwawo likamayandikira, kuti aone kuti mwa ana amene awalemba tsopano ndi angati amene adzakhale atakula. Iwo anakwera basi ya ku Palermo, ine ndinadikira ya ku Trapani, kumene zombo zimanyamukira kupita ku chilumba cha Favignana, pakuti anandiuza kuti kumenekonso kuli makonde, ndipo anandilembera pa kapepala mbali ya chilumba imene ndiyenera kuyambira mphepo ikakhala ya kumwera.